Chibokosi cha pa tebulo la aneba

Aneba athu kuno ku Nguludi sakonda foni. Masana alionse amakhala pa wailesi yawo yolankhulirana, n'kumacheza m'Chilomwe ndi mkulu mnzawo wa ku Mozambiki amene sanaonanepo naye maso ndi maso.

Mawu atayamba kufika mofooka kutsidyako, panafunika ampulifaya yowonjezera mphamvu. Wokonza mawailesi ku Limbe anawalangiza yoika m'kati mwa wailesiyo. "Sidya malo, bambo. Ingondisiyirani wailesiyi milungu ingapo."

Iwo anakana. Anagula yapadera, chibokosi chimene chadzaza tebulo lonse, moti akazi awo tsopano amasitira zovala pamphasa, uku akung'ung'udza.

Nditawafunsa chifukwa, anasisita chibokosicho. "Mwanawe, anzanga aja akudwala. Ndikangokhala chete mawa, aziyesa ndatsogola ine osawatsanzika."