Tsiku Limene Sikwidi Zinaphulika mu Uvuni

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipeza nditatopa ndi kusuzumira pawindo. Mkazi wanga Esinati anabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kudzagwira ntchito ya unamwino pa chipatala chachikulu cha ku Edmonton, ine n'kumulondola patatha chaka. Ku Dedza ndinali mphunzitsi wa sekondale, zaka khumi ndi zinayi ndikugwira choko. Kuno masatifiketi anga ankawayang'ana ngati pepala lokulungira mandasi. Miyezi isanu ndinangokhala m'nyumba, kuperekeza mwana kusukulu, kubwerako, kudikira mkazi aweruke. Bambo wa zaka makumi anayi! Ndinayamba kupsa mtima ndi zilizonse, ngakhale ketulo ikachedwa kuwira.

Amene anandivuula ndi Ba Mwale, mnzanga wa ku Zambia wa kutchalitchi, amene ankayendetsa galimoto yoperekera katundu. Tsiku lina titatuluka m'mapemphero anandikokera pambali.

"Ba Kachingwe, mufuna nchito olo mufuna kunkhala chabe? Kuli ba mayi ba ku Italy bafuna munthu wa ma pot. Ni nchito ya doti, but ni nchito."

Malowo anali golosale ya zakudya za ku Italy, kutsogolo kogulitsira, kumbuyo khitchini. Mwini wake anali Mayi Koncheta, mayi wamasiye wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi. Sanandifunse za sukulu. Anagwira manja anga, kuwatembenuza, n'kunena kuti, "Ofewa. Tiona." Anandionetsa sinki, mapoto, ndi apuloni ya pulasitiki yofika m'mawondo. M'khitchinimo munalinso mkamwini wawo, dzina lake Pino, amene ankaphika buledi. Iyeyu kwa miyezi itatu yoyamba sananditchulepo dzina. Akafuna thireyi ankangoliza zala.

Sikwidi ndinaiona koyamba m'khitchini imeneyi. Ndi nyama ya m'nyanja yamchere, yopanda mamba, yopanda minga, thupi lake ngati kathumba kosongoka, kumutu kuli miyendo yambirimbiri. Eni ake amati kalamari. Tsiku loyamba ndinanyansidwa nayo, ndinadzifunsa kuti anthu awa nsomba zenizeni zinawathera? Koma mayi wina amene ankazikonza atasiya ntchito, Mayi Koncheta anandiimika pa tebulo la nsomba m'mawa uliwonse ndisanayambe mapoto.

Kukonza sikwidi kuli ndi ndondomeko yake. Umagwira thupi ndi dzanja limodzi, mutu ndi linalo, n'kukoka pang'onopang'ono kuti zam'kati zituluke pamodzi ndi mutu. Ukakoka mwaukali umaphulitsa kathumba ka inki, ndiye tebulo lonse bii. M'kati mwa thupi mumatsala kafupa koonekera ngati pulasitiki, umakasolola. Miyendo umaidula pansi penipeni pa maso, n'kufinya pakati kuti kamlomo kolimba katuluke. Kenako umasenda kakhungu kofiirira, kutsuka thumbalo ndi madzi ozizira, n'kulipukuta liume. Madzi a Disembala a kuno amaluma ngati mavu. Zala zinang'ambika, koma pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinkakonza bokosi lonse Pino asanamalize kukanda ufa wake.

Atatero anandiphunzitsa zoika m'kati. Nyenyeswa za buledi wogona, miyendo ija yoduladula n'kuikazinga ndi adyo mu mafuta a olivi, masamba a pasile, tchizi chouma chopala, dzira, mchere pang'ono. Tsiku loyamba ndinadzaza matumba aja mpaka kukamwa, poti kwathu kupatsa munthu chakudya chosadzaza ndi umbombo. Mayi Koncheta anakhuthula zonse. "Sikwidi ikamva moto imafota. Usiye malo a zala ziwiri." Pakamwa pa thumba umatseka ndi kamtengo kotokosera m'mano, thupi umalibaya kawiri ndi singano kuti mpweya uzituluka. Umazindanditsa m'thireyi, kuthira tomato wosenda, vinyo woyera pang'ono ndi mafuta, n'kuphimba ndi foyilo, pepala lonyezimira lija. Uvuni umakhala pa madigiri 180, mphindi makumi anayi zophimba, khumi zovundukula. Mawu awo anali amodzimodzi tsiku lililonse: "Moto wodekha. Ukaithamangitsa isanduka tayala."

Anthu a ku Italy, tsiku loti mawa Khirisimasi sadya nyama, amadya za m'nyanja zokhazokha. Mabanja ambiri a kumpoto kwa London ankaitanitsa sikwidi zawo kwa Mayi Koncheta milungu ingapo tsikulo lisanafike, n'kudzatenga masana golosale isanatseke. Zaka zonse uvuni wa tsiku limenelo ankauyang'anira okha. Chaka chimenecho mawondo ankawavuta, ndiye kutatsala sabata anandiitana.

"Uvuni wa sikwidi ndi wako. Zikatuluka bwino, Januwale sinki uisiya, ukhala wophika."

Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati ndakwezedwa kukhala hedimasitala. Esinati anaseka mpaka kugwira khoma. "Abambo a Tadala, inu amene ku Dedza dzira simunkatha kuphika, lero ndinu chef? Koma musakachite manyazi anu aja, kuno si kwathu." Ndinamuyankha kuti asandiphunzitse ntchito.

Tsikulo ndinafika sikisi koloko m'mawa. Pofika leveni, mathireyi asanu ndi limodzi anali okonzeka, sikwidi iliyonse yotsekedwa, yobayidwa kawiri. Atatu oyamba anatuluka bwino kwabasi, ofewa moti supuni yokha inkadula. Mayi Koncheta analawa, anangogwedeza mutu n'kubwerera kutsogolo kumene mzere wa anthu unali utafika kale pakhomo. Ndinalowetsa atatu otsalawo, ndinayang'ana wotchi.

Patangopita mphindi zisanu Pino anabwera ndi mathireyi awiri a buledi wafulati uja amamuthira mafuta pamwamba. Uvuni wake unali wodzaza. Anatsekula wanga, analowetsa buledi pa shelefu yapamwamba, n'kupotokola kachitsulo ka moto kuchoka pa 180 kufika pa 250. Ndinali nditaima pomwepo, maso ali gwa, ndipo ndinaona zonse.

Ndinati, motsitsa mawu, "Bambo Pino, muli sikwidi m'menemo."

Anangokupiza dzanja osandiyang'ana. "Mphindi khumi basi."

Apa ndi pamene ndimadzikwiyira mpaka lero. Kachitsulo kaja kanali pafupi ndi dzanja langa kuposa lake. Koma m'mutu mwanga munali zakwathu: uyu ndi wa pabanja pano, ine ndine wobwera, munthu sukonza zimene mwini nyumba wachita iye akuona. Ndinadziuza kuti akachoka ndibweza. Sanachoke. Anaima pomwepo n'kumayankhula pa foni. Mphindi khumi zinakhala makumi awiri, ine ndikungopukuta tebulo loyera kale. Ndiye ndinamva phuu m'kati mwa uvuni, kenako phuu wina.

Nditavundukula foyilo ndinafuna kulira. Matumba anali atang'ambika, zam'kati zitamwazikira mu tomato wopserera, zotsalazo zitafota n'kulimba. Pino anatulutsa buledi wake, wofiirira bwinobwino, anabweza moto pa 180 mwakachetechete, n'kupita pa tebulo lake.

Mayi Koncheta anamva fungo. Analowa akutsimphina, anabaya sikwidi imodzi ndi foloko, foloko inadumpha. Atsikana awiri ogulitsa anali ataima pakhomo.

"Wagwira uvuni ndani?"

Ndinapinda manja kumbuyo, maso pansi. Kwathu munthu wamkulu akamakudzudzula sumuyang'ana m'maso, kutero ndi mwano. Ndiponso, ngakhale mutadana chotani, mwamuna mnzako sumuvula pamaso pa apongozi ake, anthu akuonerera. Nkhani yotere umaitengera pambali. Ndinkayembekeza kuti Pino, poona kuti ndamuphimba, ayankhula yekha ngati munthu wamkulu. Iye anali kudula buledi wake m'mabwalomabwalo ngati kuti nkhaniyo ikuchitikira kutali ku Barking.

"Ndiyang'ane," anatero Mayi Koncheta. "Ndati wagwira uvuni ndani?"

Khosi linakana kuweramuka. Zaka makumi anayi za kuleredwa sizichoka ndi mawu amodzi.

"Bwerera ku sinki."

Mabanja oposa khumi sanalandire sikwidi zawo tsiku limenelo. Zophulikazo anaziduladula n'kupanga msuzi wothira pa pasita, ena anatenga, ena anakana. Ndili pa sinki ndinkamva mawu kutsogolo. Bambo wina wokalamba ananena mokweza kuti, "Ana anga abwera kuchokera kutali chifukwa cha mbale imeneyi. Ndikawauza chiyani?" Kenako ndinamva Pino, Pino yemweyo, akuyankha kuti wantchito watsopano sanazolowere uvuni. Thireyi yopserera ndinaikwecha mpaka waya wokwechera unandicheka chala, sindinamve n'kupweteka komwe.

Khirisimasi ndinaidya ndi mkwiyo. Kutchalitchi anthu akuimba, ine ndikukonza mawu m'mutu. Esinati nditamufotokozera sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono. "Ndiye munangoima ngati mtengo? Ife ku ward, ngakhale consultant akalemba dose yolakwika timamuuza pomwepo. Mukanakhala nurse inu bwenzi mutapha munthu ndi ulemu wanuwo." Tinakhala masiku awiri osayankhulana bwino.

Golosale itatsegulanso ndinalawirira, Pino asanafike. Ndinawapeza Mayi Koncheta akusenda adyo. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, za buledi, za 250, za foni. Ndinkaganiza kuti adzidzimuka, mwina apepesa. Sanasiye n'komwe kusenda.

"Ndikudziwa. Buledi uja sapsa pa 180, ndinaona nditangolowa. Pino wakhala akundibera moto zaka makumi awiri."

Kwa nthawi yoyamba ndinawayang'ana m'maso, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma ukali unandiiwalitsa mwambo. Ndinafunsa kuti nanga ngati ankadziwa, anandinyazitsiranji pamaso pa anthu, n'kumusiya mkamwini wawo akundinamizira kwa makasitomala.

"Pino ndi katundu wanga, sindingamuchotse, ndi bambo wa adzukulu anga. Pa uvuni ndimafuna munthu womumenya dzanja. Ndinakupatsa uvuni, iwe unaupereka. Ndinakufunsa kawiri, unayang'ana nsapato."

Mpaka lero sindivomereza zimene anachita mayi aja. Kudziwa wolakwa n'kumusiya, chilango n'kugwera wosauka amene alibe kolowera, kumeneko ndi kukondera, kaya ku Italy kaya ku Dedza. Ndipo Pino, munthu amene ndinamusungira ulemu pamaso pa apongozi ake, sanabwere ngakhale tsiku limodzi kudzati zikomo kapena pepa. Sanadziwe n'komwe kuti ndinamuchitira kanthu. Ulemu wanga unali ndalama ya dziko lina, panalibe woilandira. Koma chimene chimandiwawa kwambiri n'choti pa mfundo ya uvuni mayi aja sankanama. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo mwambi umenewu ndinkauphunzitsa ndekha ana a fomu 2.

Mu Januwale uvuni anaupereka kwa mayi wina wa ku Poland, Agata, amene sankadziwa n'komwe kusolola kafupa ka sikwidi. Ndinamuphunzitsa ndine, ndikuchokera pa sinki, manja ali thovu. Sabata yake yachitatu Pino anabwera ndi buledi wake monga mwa masiku onse, anatambasula dzanja kuti apotokole moto. Agata anamumenya ndi chipande pa zala, kuti phwa, n'kumukalipira m'chilankhulo chakwawo. Pino anabwerera ndi thireyi yake akung'ung'udza. Mayi Koncheta, ali pakhomo, anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinakhala pa sinki ija miyezi ina isanu ndi itatu.

Tsopano ndimayang'anira khitchini ya nyumba yosungirako okalamba ku Romford, ndipo a kwathu ambiri ayambira ntchito m'manja mwanga. Amabwera monga ndinabwerera ine, kulandira mpeni ndi manja awiri, maso pansi. Sindiwaletsa ulemu, ndi chuma chathu. Koma tsiku loyamba ndimawaimika pa uvuni, n'kuwauza kuti chimene waikamo ndi chako mpaka chitatuluka, ndipo wina akagwira moto wako, kaya ndi manijala kaya ndine, uyankhule nthawi yomweyo, chakudya chisanapserere. Pakapita masiku angapo ndimadutsa dala n'kupotokola kachitsulo iwo akuona. Ambiri amangoti chete. Amenewo ndimawakalipira koopsa, mpaka ena amakandinena kutchalitchi kuti a Kachingwe ndi ankhanza. Mwezi wathawu mayi wina wa ku Ntcheu, wamkulu kuposa ine, anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, chotsani dzanja pamenepo." Ndinachotsa, ndinapita kuseri kwa mafiriji, ndinakaima kumeneko mpaka maso atauma.