Ikhale Pansi

Fungo la girisi wotentha ndi dzuwa likangondipeza, ngakhale ndili m'daladala, minibasi ya kuno, ndimaona agogo a Mbewe ali pa chikuku chawo pansi pa mtengo wa mwarobaini ku Tegeta, dera lathu la mu Dar es Salaam, chipewa chili pabondo, masipanala akulira ngwee ngwee pasimenti, utsi wa mayi wokazinga tchipisi tsidya la msewu ukutikuta, ndipo kutsogolo kwathu kagalimoto kofiira ka malume Yohane kali pa jeki, mafuta akuda akuchucha m'mashokapu ake.

Agogo, bambo awo a amayi anga, anayendetsa malole moyo wawo wonse pakati pa Dar ndi Lilongwe, ndipo kwa iwo galimoto inali chinthu chochita kukwera. Ndiye malume atagula kagalimoto kakale kaja, n'kuchotsa masipuling'i a kufakitale, n'kuika ena afupiafupi ogula m'sitolo kuti kazioneka ngati ka anyamata a m'tauni, kunyumba kunavuta.

"Yohane, iyi ndi galimoto kapena mphasa?" ankatero agogo. Pa bampu lililonse kankakhula mimba, iwo n'kugwira mutu. Tegeta yense ankadziwa kuti nkhalamba ya ku Malawi imadana ndi galimoto ya mwana wake.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, agogo anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wamanja zinafa. Chiswahili chimene analankhula kuyambira unyamata wawo chinathawa m'mutu, kunatsala Chichewa chokha, chotuluka movutikira kumbali imodzi ya milomo. Ine ndiye ndinali mwana wa ku Dar weniweni. Chichewa ndinkamva ndithu, koma kuti ndiyankhe, lilime linkalemera ngati ndadya therere lozizira.

Tsiku lina amuna awiri anawanyamula kuwaika m'bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, buluku n'kutsetsereka azimayi a m'dera akuona. Atabwerako analumbira kuti munthu sadzawanyamulanso, bola kufera m'nyumba. Koma onani zimene Mulungu amachita: mpando wa mphasa ija unali pa msinkhu wofanana ndendende ndi chikuku chawo. Ankayandikiza chikuku, kugwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi dzanja lamanzere, kudzikoka, basi alowa okha. Lamlungu lililonse kagalimoto kaja kankawatengera ku Manzese, kumene a Malawi ankapemphera m'Chichewa. Kumeneko kokha ndi kumene ankati akanena nthabwala anthu n'kuseka pa nthawi yake. Sanapepese kwa malume, ayi ndithu, anangosiya kunena za mphasa.

Mashokapu ogula aja sanakhalitse. Galimoto inayamba kugogoda pansi, kunjanja ngati bwato, n'kupendekera kumbuyo kumanzere. Malume anali atapita ndi lole ku Malawi, makiyi atawasiyira amayi, ndipo amayi masana ankakhala kuntchito ku Mikocheni. Choncho fundi Shabani, makaniko wa kumapeto kwa msewu wathu, atatenga galimoto, ine ndi amene ndinakankha agogo kupita kumeneko kuti ndikawamasulire. Eee, kunyada kwake tsiku limenelo!

Fundi anaima pamwamba pa agogo, akulongosola mothamanga m'Chiswahili, akuloza mashokapu ochucha, mabushi a labala ong'ambika ndi sipuling'i imodzi yothyoka. Agogo anandikoka diresi.

"Tadala, umuuze ikhale pansi."

Tsopano agogo sankafuna munthu wowalankhula ataimirira pamwamba pa chikuku. Mlendo aliyense kunyumba ankayamba wamva kuti, "Umuuze akhale pansi." Ndiye ine, poti milomo yawo inali yopindika, ndinamva zomwe ndinazolowera. Ndinatembenukira kwa fundi n'kunena molimba mtima, "Babu anasema ukae chini," kutanthauza kuti agogo akuti iwe ukhale pansi.

Fundi anadabwa, kenako anakhala pa tayala lakale, manja pa maondo ngati mwana wa sukulu. Anati akudziwa kale chimene mzee, agogowo, amafuna, waimva nyimbo imeneyi zaka zambiri, aikweza galimoto ibwerere mmene inachokera kufakitale. Zonsezo Chichewa changa sichikanatha kusenza. Ndinangoti, "Agogo, akuti aikonza bwino." Agogo anagwedeza mutu, fundi anagwedeza mutu, ine n'kumadziona ngati loya.

Loweruka masana galimoto inabwera itaimirira njo, pakati pa tayala ndi madigadi pakulowa chibakera. Fundi anali akumwetulira, akudikira kuyamikiridwa. Agogo anaiyang'ana. Anayandikiza chikuku, anagwira chogwirira, anadzikoka. Thako linagunda m'mbali mwa mpando n'kubwerera. Anayesanso, thukuta likutsika m'khosi. Kachitatu dzanja linaterereka, akanagwa pakati pa chikuku ndi chitseko, amayi ndi fundi n'kuthamangira kuti awanyamule.

"Ndisiyeni!" anakuwa.

Kusiyana kwake kunali zala zinayi zokha, koma kwa munthu wa dzanja limodzi linali phiri. Lamlungu sanapite ku Manzese. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukhala pakhonde kuyang'ana khoma, tiyi n'kuzizira pambali. Ndinawamvera chisoni kwambiri, koma sindinadziwe kuti wolakwa anali ine mpaka amayi atawafunsa chifukwa chake sanamuuze fundi.

Agogo anayankha kuti, "Ndinanena ine. Ndinati galimoto ikhale pansi mmene ilili. Mwanayu anamuuza."

Ndinayamba kulira ndisanalankhule n'komwe, ndipo ndinaulula zonse, za fundi ndi tayala lake. Amayi anatsegula pakamwa kuti andikalipire, koma agogo anali atayamba kugwedezeka mapewa. Ndinkayesa akudwalanso. Ayi, kunali kuseka, kuseka kwa mbali imodzi, misozi ikuyenderera.

"Ndiye anakhaladi? Ine ndimati ndi mnyamata waulemu!" Anapukuta m'maso n'kundikokera pafupi. "Tamvera. Munthu a-khale. Galimoto i-khale. Tanena."

Ndinanena. Anandibwezabweza mpaka amayi anati chakudya chapsa. Linali tsiku loyamba kulankhula nawo Chichewa masentensi athunthu, chokhotakhota chomwecho.

Lolemba nditaweruka kusukulu tinabwerera kwa fundi. Atamva nkhaniyo anadzimenya pachipumi, kuseka mpaka kutsamira galimoto, kenako anagwada pafupi ndi chikuku n'kuyeza ndi tepi kuchokera pansi mpaka pampando wake. Ntchito inatenga masiku atatu chifukwa agogo anakana zodula masipuling'i aataliwo ndi chopukusira, monga ena amachitira. Anati odula amathyoka. Anafuna afupi enieni onse anayi, ndi mashokapu afupi oyenderana nawo, chifukwa shokapu yaitali pa sipuling'i yaifupi imagunda pansi n'kuphulika msanga. Mawu aliwonse ndinkawafunsa kawiri ndisanamasulire, ndipo iwo ankanditsinzinira diso lawo lamanzere.

Lachinayi fundi anatsitsa jeki. Agogo anandiuza ndiwazungulitse galimoto yonse. Pa tayala lililonse ankalowetsa zala ziwiri pansi pa madigadi, kenako ankauza fundi adinikize kona ndi thupi lake lonse n'kusiya. Galimoto inkadzuka kamodzi n'kuima zii. Atakhutira, anati nditsegule chitseko. Anthu anali atasonkhana, mayi wa tchipisi yemwe ndi mpeni wake m'manja, ndipo amayi anali atangofika kuchokera kuntchito, chikwama chikadali paphewa. Onse anasendera pafupi, manja ali okonzeka kuwawakha.

"Manja kumbuyo, nonse," anatero agogo. Izi ndinamasulira bwinobwino.

Anagwira chogwirira, anapuma kamodzi, anadzikoka. Anakhala pampando, ananyamula mwendo wakufa uja ndi dzanja lamanzere n'kuulowetsa, kenako anatseka chitseko okha, phaa! Amayi anatembenukira kumbali kuti tisaone nkhope yawo. Lamlungu lotsatira ku Manzese nkhani ya fundi wokhala pa tayala anaikamba okha, ndipo mpaka lero akuluakulu akumeneko akandiona amati, "Afika omasulira athu, tiyeni tikhale pansi."

Agogo anayenda m'galimoto imeneyo zaka zina zinayi, osanyamulidwa ndi munthu. Ine pano ndine namwino, ndipo odwala ochokera ku Malawi akabwera m'wodi, anzanga amaitana ine. Wodwala akamavutika kuchoka pa chikuku kuti akwere bedi, anzanga amathamangira kumunyamula, poti n'kwachangu. Ine ndimayamba ndamufunsa chimene akufuna, ndimafunsanso kachiwiri, kenako ndimatsitsa bedi mpaka pansi penipeni, n'kuima pafupi manja ali kumbuyo.