Tsamba la Fodya M'chitini

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la masamba onyowa ndi utsi wa mapesi omwe anthu ankatentha m'minda ya kwa Mavwere mvula ikayandikira. Pakati pa minda ya fodya ndi mtedza panatsala kamsitu kamodzi ka miombo ndi misuku, ndipo agogo ankapitako m'mawa uliwonse mame asanaume. Ankatchera chipewa pansi pa nthambi n'kuigwedeza, tizikumbu n'kumagweramo: tobiriwira tonyezimira, tofiira ta madontho akuda, tina tating'ono todumpha ngati utitiri. "Kalikonse kali ndi mtengo wake," ankatero. "Ukadula mtengowo, wasamutsa mtundu wonse."

Chaka china amalume anapeza mbande zawo za fodya zitabowokabowoka pa nazale ya pafupi ndi kamsituko. Anafika pakhomo ali wefuwefu.

"Bambo, tizilombo tanu tija tandithera fodya. Loweruka ndikuyatsa moto, mitengo yotsala ndimangira chigafa."

Agogo anali mkamwini, malowo anali a kwa agogo aakazi, choncho analibe mphamvu yoletsa. Anangopempha masiku atatu. Anatola tizikumbu tamitundumitundu, n'kutiika m'chitini chobowola chivundikiro pamodzi ndi tsamba limodzi la fodya.

"Tizikumbuti tikadya tsambali, ukayatse motowo," anatero agogo.

"Asunge Tamala," anatero amalume, akundiloza. "Mwana sanama."

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lachiwiri ndinakatsegula chitinicho kuseri kwa nkhokwe, ndipo m'mphepete mwa tsamba ndinaona kabowo kakang'ono ngati kambewu ka mawere. Ndinathamangira ku nazale, maso uku ndi uku, n'kuthothola tsamba lina lokaika m'chitinimo. Lakale lija ndinalikwirira. Manja ankanunkha fodya, ndinawatsuka ndi phulusa mpaka kuwawa, ndipo chakudya sichinalowe tsiku limenelo.

Loweruka amalume analiyang'anitsa tsambalo padzuwa, kulitembenuza kawiri konse, osapeza bowo.

"Nanga chikudya fodya wanga n'chiyani?"

"Kafukule m'nthaka ya pa nazale, ukapeza mbozi," anayankha agogo.

Amalume anabweza machesi m'thumba n'kuchoka. Tikukamasula tizikumbu tija, agogo anatola tsambalo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Tsamba la masiku atatu silikhala lanthete chonchi, mdzukulu wanga."

Sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka kumwalira kwawo.

Kamsituko kachepa, koma kalipo. Mpaka lero sindidziwa ngati kabowo kaja kanalipo kale tsambalo lisanalowe m'chitini, kapena ngati kachikumbu kena kanalumadi. Amalume akalamba tsopano, ndipo ndi iwo amene amathamangitsa anthu ofuna kudula nkhuni kumeneko. Ndikapita kumudzi amandiitana pamaso pa alendo, akufotokoza monyadira.

"Tinayesa ife, ta m'nkhalango sitidya fodya. Mboni ndi uyu. Si choncho, Tamala?"

Ndimagwedeza mutu movomera.