Sopo wa Mayi Oyandikana Nafe

Mayi achikulire oyandikana nafe, m'tauni yathu ya migodi ku Pennsylvania, amadzudzula ndi mawu amodzi okha achingerezi otanthauza nyansi: "Filth!" Mwaye wa malasha pazenera, magazini olaula, kutukwana, kwa iwo zonsezi ndi nyansi, ndipo mankhwala ake ndi sopo. Tonse okulira mumsewu uno tinamulawapo, poti ankatitsuka naye m'kamwa tikatukwana. Mpaka lero fungo lake limandibwezera ku ubwana.

Tsiku loika amuna awo m'manda, bwana wa mgodi anati malemuwo anafa chifukwa cha kusasamala kwawo. Mayiwo anamutukwana mpaka abusa anazolika.

Titabwerako kumanda, ndinawapeza kukhitchini atagwira sopo uja.

"Ndikutungireni madzi, amayi?" ndinafunsa.

Anamuyang'ana sopoyo, n'kumubwezera pamalo pake.

"Ayi, mwanangu. Lero pakamwa panga patuluka zoyera zokhazokha."