A Mtolo ndi Phiri la Ongoyenda

Dzina lawo lenileni linafera m'kamwa mwa anthu kalekale. Aliyense ankangoti a Mtolo, chifukwa panalibe amene anawaonapo akutsika phiri mutu uli wopanda kanthu. Anayamba kutola nkhuni ali mtsikana, anakwatiwa akutola, mwamuna anawathawa akutola, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anamulera ndi nkhuni zomwezo mpaka anamera ndevu. Paliwombo tsitsi linali litatha, nkhata italidya.

Phirilo n'lokongola, pamenepo tisakangane. Mitengo yake ina anthu awiri sangaizungulire atagwirana manja. Pansi pali masamba ofewa, ndipo mvula ikagwa fungo la dothi ndi bowa limakutsatira mpaka kunyumba. Chapakati pali kamtsinje kozizira kotsika m'miyala. Pamwamba pali khoma la miyala yosanja popanda matope, limene anamanga anthu amene ngakhale agogo a agogo athu sanawaone, ndi phanga lokhala ndi zojambula zofiira. Koma a Mtolo mukanawafunsa za kukongola akanakuyang'anani ngati mwalawa. Iwo ankadziwa mtengo umene wauma chaka chino, umene utsi wake umakhetsa misozi, ndi malo amene amaterera. Khoma lakalelo ankalikonda pa chifukwa chimodzi: linali lowafika m'mapewa. Ankakankhira mtolo pamwamba pake, n'kuwerama pang'ono, n'kudzitwika okha osapempha munthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kunabwera magalimoto, anthu a zipewa anayeza khoma, anajambula phanga, ndipo chaka chisanathe phiri linali ndi waya ndi geti. Anati ndi malo a mbiri yakale, anthu azibwera kudzayenda. Kudula analetsa, kuthyola analetsa, ndipo ngakhale nthambi youma yogwa yokha anati iziwolera pomwepo, akuti ndi chakudya cha nthaka. Nthaka izidya, anthu aziphikira chiyani, zimenezo sananene.

Ntchito ya ulonda pagetipo anaipeza mwana wa a Mtolo. Mayi ake tsiku limenelo anavina pabwalo mawondo akulira, ndipo yunifolomu anaisita okha. Ankaganiza kuti geti la mwana wako ndi khomo la nyumba yako. M'mawa mwake anafika ndi chingwe ndi nkhata monga mwa masiku onse. Mwanayo anawatengera kuseri kwa kanyumba ka alonda n'kuwafotokozera motsitsa mawu kuti bwana wake ndi wovuta, kuti ntchito sizikupezeka, kuti makala aziwagulira iye, asavutikenso.

"Kukwera sindikukuletsani, amayi," anatero. "Koma muzingoyenda basi."

"Ndizingoyenda ndikupita kuti?"

"Kulikonse ayi. Kungoyendayenda ngati alendowa."

Mwana uja sanadziwe kuti waponda pachilonda. Woyendayenda ndi mawu amene bambo ake anawasiya pakhomo tsiku limene ankanyamula chikwama, atamva zakumowa zoti mkazi wawo amachedwa m'phiri. Kuchokera tsiku limenelo a Mtolo sankabwerera kunyumba chimanjamanja, chifukwa mtolo ndiwo unali mboni yawo kuti kumene anapita kunali kuntchito. Ndiye lero mwana wobala okha aziwauza kuti aziyendayenda? Anapinda chingwe chawo n'kubwerera osatsanzika.

Miyezi inadutsa ali pakhonde. Makala ankabwera ndithu, mwanayo sananame, koma munthu sakhalira moto wokha. Ankaonerera alendo akudutsa ndi nsapato zazikulu, mabotolo a madzi, ndi ndodo zachitsulo ziwiriziwiri ngati onse anathyoka miyendo tsiku limodzi. Ankawaseka kuti anthu okhuta akasowa chochita amakafuna thukuta kuphiri. Koma kuseka kwake kunali kowawa. Ali pakhonde pomwepo ankatha kuona mtengo umene wauma kumtunda, manja n'kumawayabwa. Miyendo inayamba kutupa, tulo tinachepa, ndipo atapita kuchipatala namwino anawauza kuti mankhwala ake n'kuyenda. Anangoti zikomo, poti namwinoyo anali wamng'ono, sakanamvetsa.

Phiri analisowa ngati mmene umasowera m'bale amene munkakangana naye tsiku lililonse. Potsiriza anagonja. Anasiya chingwe, anasiya nkhata, n'kukadutsa pageti m'mawa wina. Mwana wawo anamwetulira, iwo anayang'ana kumbali.

Manja anawasowetsa mtendere njira yonse. Akawaika kumbuyo akuoneka ngati kapitawo, akawasiya alende akuoneka ngati wamisala. Nkhuni zinali mbwee, zouma bwino, zina zitayamba kale kudyedwa ndi chiswe, ndipo ankazilumpha mtima ukuwawa. Pamwamba anapeza mnyamata wina akufotokozera alendo kuti khomalo anthu akale ankabisalamo adani akabwera, ndipo kuti n'koletsedwa kuligwira. A Mtolo anangoyang'ana mwala umene mitolo yawo inausalaza.

Alendo atachoka anaima pamenepo, ndipo poti pamutu panalibe choti chigwe, anadzutsa khosi. Anaona dambo lonse lili tambalale, mtsinje ukung'anima, mithunzi ya mitambo ikuyenda pa minda, ndi kadenga kawo kadzimbiri kali kutali uko. Anthu aja sankanama, kunali kokongola. Koma a Mtolo sanasangalale. Anapsa mtima. Zaka zonsezi zinthu zimenezi zinali pomwepa, iwo maso ali pansi kufunafuna tizitsotso, ndipo akuziona lero maso atayamba kale kuchita mdima. Anakhala pansi n'kulira pang'ono, kulira kwa mkwiyo.

Kutsika ndi kumene kunavuta. Mawondo amene anakhala miyezi osagwira ntchito ankanjenjemera pa miyala, ndipo atatsala pang'ono kugwa kachiwiri anatola kandodo kouma m'mbali mwa njira kuti azitsamira. Sanakaganizire n'komwe. Sikanali nkhuni yoti n'kuwiritsa ngakhale madzi a tiyi.

Pageti panali galimoto, ndipo bwana uja anali ataima pafupi ndi mwana wawo. Anayang'ana ndodoyo, anayang'ana mapazi a mayiyo, n'kufunsa mlonda ngati umu ndi mmene amagwirira ntchito iye kulibe. Anafunsanso kuti mayi ameneyu ndi ndani, ndipo amalowa kangati.

A Mtolo anadikira. Sankafuna kuti mwana wawo awamenyere nkhondo, ayi. Ndodo akanaipereka, ngakhale kupepesa akanapepesa. Mwanayo anayankha maso ali pa nsapato za bwana.

"Ndi amayi ena ake a kumunsiku, bwana. Sadziwa malamulo."

Anawalanda ndodoyo mwaulemu, ndi manja awiri, n'kuiponya kuseri kwa waya. Bwana anagwedeza mutu kuti zili bwino. A Mtolo anatsika kanjira kotsalako atagwira waya, pang'onopang'ono, ndipo palibe anawathandiza.

Dzuwa litapendeka mlondayo anabwera ndi thumba la makala paphewa, lalikulu kuposa a masiku onse. Analitula pakhonde. Chitseko chinali chotseka, chimene sichinkachitika masana. Anaodira. Anaodiranso, n'kuyamba kufotokozera chitsekocho kuti akanati anene zoona ntchito ikanatha pomwepo, kuti ana ake akanadya chiyani, kuti iwonso amvetse.

"Amayi," anaitana. "Amayi, tsegulani."

Mawu anachokera m'kati, osakweza, aulemu ngati oyankha mlendo wosochera.

"Mukufuna amayi ake ati, bambo?"