Bwalo la agalu lomwe ndinajambula

Sukulu yonse ija ndinaphunzira, ntchito yoyamba yomwe anandipatsa ku ofesi yokonza mapulani a mapaki inali yojambula bwalo loti agalu azithamangamo opanda chingwe. Agalu enieni, a miyendo inayi. Pakiyo inali ya kwathu ku Lewisham, kuno kudziko la azungu, momwe bambo anga ankayenda m'mawa uliwonse chiwagwereni sitiroko. Adokotala anali atanena kuti akasiya kuyenda, mwendo wakumanzere uuma. Njira yopanda chitunda inalipo imodzi yokha, ndipo mpanda wa agaluwo unkati uimeze yonse.

Kumsonkhano wa anthu a m'deralo ndinamva zonyansa. Mayi wina, jekete lake lili ubweya wokhawokha, anapempha kuti agalu amanyazi akhale ndi chigawo chawochawo. Bambo wina anadandaula kuti timiyala timapweteka mapazi a mwana wake. Nditafunsa zaka za mwanayo, chipinda chonse chinandiyang'ana ngati wopepera ndine: ankanena galu. Abwana anga ankalemba zonsezi mwaulemu ngati akulemba ulaliki. Za nkhalamba zoyenda ndi ndodo palibe anatchula. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine ndinangokhala duu, kuopa kuoneka wovuta ndili ndi miyezi itatu yokha pantchito. Mwa onse a m'chipindamo, amene ndimamunyoza kwambiri mpaka lero ndi ineyo.

Ndinajambula, ndipo ndinajambula bwino: zipata ziwiri zotsatana kuti galu asapulumukire kumsewu, mpope waufupi womwerapo madzi, mchenga wofewa, ngakhale pamthunzi poti agaluwo akatopa ndi ulesi wawo apumirepo. Anthu ndinawapatsa njira yozungulira, yokwera chitunda. Abwana anandiyamikira pamaso pa anzanga.

Bwalolo litatsegulidwa, bambo anayesa njira yatsopanoyo kawiri, kenako anayamba kumangokhala pawindo. Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi anandipempha kuti ndikawaonetse ntchito yanga. Anaima nthawi yaitali atatsamira mpanda, akuonerera kagalu kovala juzi kakukumba pomwe iwo ankapondapo kale. Ndinayamba kufotokoza za malamulo ndi zofuna za anthu, koma anandidula ndi dzanja.

"Wagwira bwino, mwanangu," anatero. "Kupulazi, famu ija ya ku Zimbabwe komwe ndinakulira, galu wa bwana ankadya nyama ife tikuyang'ana. Si zachilendo. Kungoti kumeneko wogawa nyamayo sanali mwana wanga."