Ndime Imene Ndinadumpha

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene achimwene anga a Lukasi anaweruzidwa kuti anyongedwe. Tinkakhala ku Highfield, dera la anthu akuda mumzinda waukulu wa dziko la Ashona, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, ndipo mlandu wawo unali wosungira mfuti anyamata akutchire olimbana ndi boma. Chimene chinatsala chinali kalata yopempha chifundo kwa akuluakulu a boma la azungu.

Bambo ankagwira ntchito pa fakitale ya mipando ku Graniteside, koma ali mnyamata ku Nyasalande anakhalako kuseminale, ndipo Chilatini sichinawachoke m'mutu. Anali ndi kope lachikuto chakuda, lonunkha parafini, momwe anakoperamo ziganizo: kumanzere za alembi achikunja a ku Roma, kumanja za Akhristu oyambirira. Ankatilozera ndi chala kuti tione kamangidwe kake kofanana. Ankati Akhristuwo anaphunzira kulemba m'sukulu za anthu omwewo amene ankawaponya kwa mikango, ndiye pochonderera mafumu ankatsata njira ya maloya a Chiroma: uyambe walemekeza woweruza, ulongosole nkhani, umufunse mafunso ovuta kuyankha, misozi ibwere pomaliza. Ife ana tinkangoyasamula. A Lukasi ankawaseka kuti Chilatini chawocho sichinatsitsepo mtengo wa buledi.

Makina anali atawadula bambo zala ziwiri za kumanja, choncho wolemba kalatayo ndinali ine. Loweruka masana tinakhala pakhonde, iwo akunena m'Chingerezi, ine ndikulemba. Ndime yoyamba inali ulemu wokhawokha: inu olemekezeka, inu amene mwapatsidwa udindo wosunga chilungamo m'dziko. Anthu awo ndi amene anathyola chitseko chathu n'kuwakankhira amayi pa mbaula yamoto.

"Bambo, mpaka tiwanyambite mapazi?"

"Lemba, Agnesi. Munthu sumuuza mlandu ali chiimire. Umayamba wamupatsa mpando."

Ndinalemba ndithu, mano ali gwa. Koma pokopera pa pepala loyera, ndime ija ndinaidumpha dala. Bambo anasaina tsamba lomaliza ndi dzanja lamanzere, loyambalo osaliyang'ana, poti ankandikhulupirira. Ndinakaiponya ku positi ya ku Machipisa, ndipo pobwerera ndinkayenda ngati msilikali.

Yankho linabwera la mizere itatu, loti pempho lakanidwa. Kenaka kunafika wansembe wa kundende kudzatiuza kuti zachitika. Mtembo sanatipatse. Amayi a mumpingo anaimba nyimbo za Chishona ndi za Chichewa atazungulira jekete la a Lukasi, limene tinaliyala pamphasa.

Chakudya chinayamba kundikana. Patatha mwezi ndinaulula, bambo akumata chubu cha njinga kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekeza lamba, ndipo kunena zoona akanandikwapula ndikanapepukidwa. Iwo anangopitiriza kufufuza pobooka, chubu chili m'beseni la madzi. Ndinawafunsa ngati ndime ija ikanawapulumutsa achimwene.

"Sindikudziwa, mwanangu. Sindingakunamize."

Anandiuza kuti ngakhale Akhristu aja, ambiri amene ankalemberedwa makalata okoma anaphedwabe. Atatero anapukuta manja n'kundituma kukatenga pepala, kuti ndilembenso kalata yonse, kuyambira pa ndime imene ndinadumpha. Nditafunsa kuti tiitumiza kwa yani, anati sititumiza kulikonse.

Chilango changa chinali chimenecho, ndipo chinawawa kuposa lamba. Ndikulemba m'pamene ndinaona chimene bambo ankatanthauza. Ukamutcha munthu wosunga chilungamo, kenaka n'kumufunsa chifukwa chake mnyamata anavomera mlandu nthiti zili zothyoka, funsolo limamupeza atakhala, alibe kothawira. Kalata yanga ija inayamba ndi kulalata, ndipo kalaliki aliyense wotopa akanatha kuiika pambali asanafike tsamba lachiwiri. Mwina anaiwerenga yonse. Mwina chingwe chinali chitakonzedwa kale. Palibe amene adzandiuze.

Bambo anamwalira osaitchulanso nkhaniyi, ndipo amayi sanaimve mpaka kumanda. Kalata yachiwiriyo ndimaisunga m'kope lakuda lija, limene sinditha kuwerengamo ngakhale chiganizo chimodzi. Lero ndakalamba, ndipo sindinasinthe maganizo pa anthu amenewo: ulemu sunkawayenera. Mkwiyo wanga unali woona. Koma tsiku limene ndinadumpha ndime ija ndinalimba mtima ndi khosi la munthu wina.